Fayiba ikudukaduka masana okhaokha, ndiyang'ane pati?

Mnyamata wa ku Kawale: Moni akuluakulu nonse pagulu pano. Pali chinthu chandizunguza mutu kuyambira Lolemba. Sabata yatha tinalowetsa fayiba, waya wa intaneti wa galasi, mu ofesi ina yaing'ono kuno ku Lilongwe, kuchoka pa pholo, kudzera mu siling'i, n'kutsika pakhoma mu trunking mpaka pa ONT, kabokosi kolandira fayiba m'nyumba. Tsiku lomwe tinamaliza zonse zinali myaa. Pano eni ake akuti m'mawa intaneti imayenda bwino, koma dzuwa likafika paliwombo kanyali ka LOS, kosonyeza kuti kuwala kwa mu fayiba kwasowa, kamayamba kuphethira kofiira, kenako n'kubwerera kokha. Ndayeza mphamvu ya kuwala ndi power meter, ikuwerenga -27.4 dBm pa 1490 nm, wavelength kapena kuti mtundu wa kuwala komwe kumabweretsa intaneti. Connector ndapukuta kawiri. Splice, polumikiza ulusi wa galasi, ndabwerezanso. Abwana anga akuti ndinabalalitsa ndine. Ndiyang'ane pati?

Madala a Splicer: Tsiku lomaliza ntchito lija unayeza, mphwanga? Inali pa zingati?

Mnyamata wa ku Kawale: Inali -22.1 madala. Ndinajambula pa foni, chithunzi ndili nacho.

Madala a Splicer: Wachita bwino kujambula, chimenecho ndi chomwe chikuwombole kwa abwana akowo. Ndiye kuti ma dB 5 asowa m'sabata imodzi. Usawaone kuchepa. Ma dB 3 okha ndi theka la kuwala konse, ndiye 5 ndiye kuti pa magawo atatu, awiri akutayikira panjira. ONT ya GPON wamba, mtundu wa netiweki ya fayiba yofika m'nyumba, imamva mpaka pa -27, iwe wadutsa kale malirewo. Yambira pa pholo. Ngati pa bokosi kuwala kuli monga kunalili, mlandu uli mkati mwa nyumba, ndipo ine ndikubetcha kuti waya wapindidwa penapake.

Mnyamata wa ku Kawale: Pa pholo ndayeza dzulo, palibe chasintha. Koma kupindika kungadye ma dB onsewo osathyoka waya?

Aphunzitsi a Physics ku Zomba: Kungadye ndithu. Ndiloleni ndilowerere ngakhale sindikwera mapholo. Mkati mwa wayayo muli kaulusi ka galasi ka 0.125 mm, konenepa pang'ono kuposa tsitsi. Pakatikati pake penipeni, pomwe kuwala kumayenda, mpa ma micron pafupifupi 9 basi (0.009 mm) pa single-mode, mtundu wa fayiba womwe tikukambawu. Kuwala kumakhalabe mkatimo chifukwa galasi lapakati ndi lozungulira kunja kwake n'zosiyana pang'ono pa kapindidwe ka kuwala, ndiye kumangowombawomba m'mbali n'kumabwerera mkati. Njira ikakhota pang'onopang'ono, kuwala kumatsatira. Ikakhota mwadzidzidzi, kwina kumapitirira n'kutulukira kunja, monga minibasi yothamanga imalephera kona n'kugwera m'munda wa eni. Galasi silinathyoke, koma okwera ena safika.

Wa ku Joni: Kkkkk aphunzitsi minibasi yalowa bwanji. Koma anthuni, nkhani ya kupinda fayibayi ndi yakale. Ife kuno timalowetsa nyumba zisanu kapena zisanu ndi imodzi pa tsiku, waya timakhotetsa pa chitseko, pa windo, pa skirting, palibe chimachitika. Waya wa masiku ano ndi G.657, wopangidwa kuti azipirira kupinda, mutha kumukulunga pa pensulo. Aise yang'ana splitter yogawa kuwala kapena connector ya pa pholo, usataye nthawi m'denga.

Madala a Splicer: Achimwene a ku Joni, pensulo muisiye. Tiyeni tiwerenge bwinobwino chifukwa anyamata pagulu pano amamva zimenezi n'kukaononga ntchito za eni. G.657 si mtundu umodzi. A1 anaipangira radius ya 10 mm, A2 ndi 7.5 mm, B3 ndi 5 mm. Pensulo wamba kunenepa kwake ndi pafupifupi 7 mm, ndiye radius yake ndi 3.5 mm. Mwapyola malire a zonse zitatu. Ndipo pa malire penipenipo sikuti n'zaulere. A1 mukaizunguliza kamodzi kokha pa 10 mm, standard imalola kuti itaye mpaka 0.75 dB pa 1550. A2 kamodzi pa 7.5 mm ndi mpaka 0.5 dB. Kuzunguliza kotero kanayi m'nyumba imodzi, werengani nokha.

Chachiwiri, ndipo apa mpomwe ambiri timagwa, manambala amenewo ndi a ulusi wa galasi, si a waya wonse ndi chikopa chake. Drop cable yathyathyathya ija ya 2 x 3 mm, yochoka pa pholo kulowa m'nyumba, ili ndi timitengo tiwiri tolimbitsa m'mbali, ta FRP (pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi) kapena tachitsulo. Galasi litha kupirira, koma FRP ukaikhotetsa kwambiri imathyoka ngati kabango kouma, ndipo nsonga yake imatsalira mkatimo moyandikana ndi galasi. Komanso wayayu amakhota mbali imodzi yokha, ya pamimba. Ukamukakamiza kukhota cham'mbali amapotoka.

Wa ku Joni: Za FRP ndavomera madala, ndinathyolapo. Koma pa ulusi wokha ine ndaonapo ndi maso B3 itakulungidwa, meter osasuntha kwenikweni.

Madala a Splicer: B3 yeniyeni inde, pa 5 mm imataya 0.15 dB kapena kucheperapo pa 1550. Koma ndi angati mwa ife amene amawerenga zolembedwa pa chikopa cha waya asanayambe kukhoma? Timangogula chomwe chapezeka m'shopu. Patch cord zachikasu zambiri zotchipa, nthambo zazifupi zolumikizira ku ONT zija, ndi G.652D, ulusi wamba, ndipo imeneyo radius yake yoyezera ndi 30 mm.

Mnyamata wa ku Kawale: Pepani funso la uchitsiru. Akati 30 mm, ndi kukula kwa bwalo lonse kapena?

Mayi a IT ku Mzuzu: Si la uchitsiru mwanangu, ndaona anthu a mapepala awo akulakwitsa pomwepa. Radius ndi kuchoka pakatikati pa bwalo kufika m'mphepete. Ndiye 30 mm ndi bwalo la 60 mm kuchoka uku kufika uko. Ine anyamata anga ndimawauza kuti atenge kachitini ka Coke, kukula kwake ndi pafupifupi 66 mm. Patch cord ukamaikulunga, kachitini kazitha kulowa pakati. Kakakana, wathinitsa. Ya A2 ija ya 7.5 mm ndi ngati batire la AA, koma musazolowere kufika pamenepo.

Madala a Splicer: Zoona mayi. Ndipo pa waya wamkulu lamulo lomwe tonse tinakulira ndi la 10 ndi 20. Waya akangokhala phee osakokedwa, radius isachepere kunenepa kwake kuchulukitsa ka 10. Pomwe mukumukoka, ka 20. Tengani waya wa panja wa 12 mm. Atagona, radius ndi 120 mm, bwalo lake 240 mm, ngati mbale yodyera nsima. Pokoka ndi 240 mm, bwalo la pafupifupi theka la mita, ngati beseni. Pa waya waung'ono wa m'nyumba wa ulusi 2 kapena 4, standard ya TIA-568 imati 25 mm atagona, 50 mm pokoka, ndipo mphamvu yokokera isapyole 222 N, zomwe ndi ngati kunyamula makilo 22 kapena 23. Koma data sheet ya amene anapanga wayayo ikanena zina, tsatirani imeneyo.

Ankolo Magetsi: Ndikudziwa komwe nkhaniyi ikulowera. Posachedwa munena kuti ndi a magetsi apinda waya wanu. Chilichonse chikavuta m'denga ndi ife basi.

Mayi a IT ku Mzuzu: Kkkk ankolo mwadzitchula nokha, ife sitinanene.

Ankolo Magetsi: Ayi koma ndifunse zenizeni. Ine ndikamayala mapaipi m'nyumba yatsopano, eni ake amandiuza kuti ndiikiretu ina ya intaneti. Ndimaika conduit ya 20 mm ndi ma elbow omwewo a magetsi. Kodi ndimalakwa? Waya wa kopa amadutsa bwinobwino.

Madala a Splicer: Ankolo, kopa ndi munthu wopirira, mutha kumupinda ngati waya womangira mpanda, magetsi adutsabe. Galasi ayi. Ma elbow aafupi aja ndi adani athu, makamaka nthawi yokoka, chifukwa waya amakhuzika pa kona ali wokungika. Tithandizeni chonchi. Pokhota paipi muziipinda ndi sipuling'i kuti ikhote motakasuka, radius yake ikhale ka 10 kukula kwa mkati mwa paipiyo. Pakati pa mabokosi awiri okokera pasakhale makona a 90 opitirira awiri, ndipo m'nyumba mtunda usapitirire mamita 30 popanda bokosi. Izi zili mu standard ya TIA-569. Bokosilo likhale pamalo owongoka, lisakhale ilo kona. Ndipo ngati n'kotheka ikani paipi ya 25 mm, musiyemo ndi chingwe chokokera. Tidzakudalitsani.

Ankolo Magetsi: Ya 25 eni nyumba amakana, amati ndikufuna kudyapo. Koma ndamva. Za bokosi pa kona ndimachitadi zimenezo, sindinkadziwa.

Mayi a IT ku Mzuzu: Ine yanga inali ya mu kabati ya ma switch. Link ya pakati pa nyumba ziwiri, fayiba ya mtundu wa multimode OM3 ija yobiriwira motuwa ngati madzi. Port inkangodzaza ma CRC error, osonyeza kuti data ikufika yoonongeka, mafayilo akuluakulu osatheka kukopa. Tinasintha SFP, kachida kolowetsamo fayiba pa switch, tinasintha switch, mpaka kuyamba kukayikira amene anakumba ngalande. Tsiku lina ndikuona ma reading a SFP pa kompyuta, mnzanga anatsegula chitseko cha kabati kuti aone china chake, Rx power, mphamvu ya kuwala kolandiridwa, n'kukwera pompo. Atatseka, n'kutsika. Chitseko chinkakanikiza patch cord pomwe imatulukira mu connector. Miyezi iwiri tikuvutika ndi chitseko! Kuyambira pamenepo kabati yosaya sindiilola, ndipo ma cable tie apulasitiki pa fayiba ndinaletsa, timamanga ndi Velcro momasuka.

Aphunzitsi a Physics ku Zomba: Za cable tie zo ndi mtundu wina wa vuto lomweli. Kukhota kooneka ndi maso amati macrobend. Koma waya ukamufinya ndi tie kapena clip ya msomali, galasi limapindika timakwinya ting'onoting'ono tosaoneka, microbend, ndipo kuwala kumathawiranso pomwepo. Kunja waya ali chiwongokere, mkati akulira.

Mnyamata wa ku Kawale: Apa ndayamba kuchita manyazi. Patch cord ya pa ONT inali yaitali mamita atatu, ndiye ndinaikulunga pa zala zitatu n'kumanga ndi cable tie kuti pazioneka paukhondo. Koma ndinatero tsiku loyamba lomwelo, ndipo inawerenga -22.1.

Madala a Splicer: Ehee, zayamba kutuluka. Kamasule kaye kameneko uone. Koma sindikhulupirira kuti ndi kokhako, chifukwa china chasintha pambuyo pake. Funsa eni ofesi kuti ndani wakwera m'denga kapena wasuntha katundu. Usafunse ngati wapolisi, angakubisire.

Ukafuna umboni wosatsutsika, chotsa drop cable pa pholo, uike light source, chida chotumiza kuwala m'waya, uyeze pa 1310 kenako pa 1550. Connector yakuda kapena splice yoipa imadya pafupifupi mofanana pa zonse ziwiri. Kupindika kumadya kwambiri pa 1550 kuposa pa 1310, chifukwa kuwala kwa wavelength yaitali sikugwira zolimba pakatikati pa ulusi. Ukaona 1310 yataya pang'ono koma 1550 yagwa kwambiri, usafunsenso, ndi kupindika. Ukanakhala ndi OTDR, mita yofufuza pomwe kuwala kukutayikira m'waya, ikanakuuzanso kuti ndi pa mita ya chingati.

Mnzanu wa ku Chipata: Bwanji osangoika VFL, ka laser kofiira kaja? Pomwe papindika pamayaka.

Wa ku Joni: Pa patch cord yachikasu kamathandiza, makamaka mukazimitsa magetsi. Pa drop cable yakuda simuona kanthu, chikopa chimabisa. Ndipo ulusi wa G.657 sutulutsa kuwala kofiira kwambiri ngakhale utapindika, ndiye mutha kudutsa pamalo olakwika osazindikira. Iwe wa ku Kawale, chonde usasuzumire mu connector kuti uone ngati muli moto. Kuwala kwa 1310 ndi 1490 maso sakuona, koma kumalowa m'diso ndithu.

Mnyamata wa ku Kawale: Ndamva akulu. Nanga n'chifukwa chiyani imaduka masana okha?

Aphunzitsi a Physics ku Zomba: Denga ndi la malata?

Mnyamata wa ku Kawale: Eya, la malata.

Aphunzitsi a Physics ku Zomba: Ndiye lingalira kutentha kwa mu siling'i mwezi wa October uno. Pulasitiki ikatentha imafewa n'kufutukuka, waya amasuntha pang'ono pomwe wapanikizidwa. Ukanakhala pa -22 sukanamva kanthu. Koma uli pakamwa pa phompho, theka la dB n'lokwanira kukugwetsa. Kukazizira umabwereranso.

Admin: Amene mukutumiza zotsatsa ma router pakati pa nkhaniyi, ndafufuta. Tsiku la malonda ndi Loweruka.

Mnyamata wa ku Kawale: Akuluakulu ndabwerako. Poyamba patch cord. Anthu a mu ofesi anakankhira kabati ya mafayilo kukhoma, kankhata kanga kaja n'kuphwatalala kumbuyo kwake. Pa chikopa palembedwa G.652D monga munanenera madala. Nditadula cable tie n'kumasula, meter yachoka pa -27.4 kufika -25.6. Kenako ndafunsa mlonda, ndi amene wandiuza kuti Lachisanu kunabwera anthu oika air conditioner. Ndakwera m'denga. Waya wotsala yemwe ndinasiya atakulungidwa bwino anamukoka kuti apeze njira ya mapaipi awo, n'kumukhotetsa pa phaso la thabwa ngati chigongono, n'kukhomapo clip ya msomali pa kona penipeni. Wapotokanso. Nditazula clip n'kuwongola, yafika -21.0.

Ankolo Magetsi: Mwamva nonse? A air conditioner! Ndikufuna chipepeso changa pagulu pano.

Mayi a IT ku Mzuzu: Pepani ankolo kkkk, lero mwapulumuka. Koma taonani nambalayo. Pano ili -21.0, tsiku loyamba inali -22.1. Ndiye kuti kankhata ka zala zitatu kaja kankadya dB imodzi kuchokera tsiku loyamba, kabati isanakankhidwe n'komwe.

Mnyamata wa ku Kawale: Ndaona mayi. Chimenecho abwana sindiwauza kkkk. Ndiye nditseke ntchito?

Madala a Splicer: Usatseke. Pamalo pomwe panali clip paoneka bwanji? Pali chipsera choyererako? Ukapapasa ndi zala pakumveka ngati pathyoka mkati?

Mnyamata wa ku Kawale: Pali kachizindikiro koyera, ndipo mbali imodzi ikugwedera ngati bondo.

Madala a Splicer: FRP yathyoka imeneyo. Dula chigawo chimenecho uchite splice mu kabokosi koyenera, kapena ngati mtunda ndi waufupi koka waya watsopano kuchoka pa pholo. Ine ndikanakoka watsopano.

Wa ku Joni: Apa madala mukuwonjeza. Kuwala kwabwerera, kasitomala wasangalala, -21 ndi nambala yabwino. Mnyamatayu amalipidwa pa ntchito yomwe watseka, osati yobwereza. Waya watsopano alipira ndani?

Madala a Splicer: Alipire amene anabweretsa a air conditioner, chithunzi cha clip chilipo. Ndikuuzeni chomwe ndinaona ine. Zaka zapitazo tinawongola waya wotere pa nyumba ina yosanja ku Blantyre kuno, meter inasangalala, ife n'kumapita. Mvula itayamba anatiitana usiku, ulusi utaduka pamalo omwewo popanda munthu kuukhudza. Tinakagwira ntchito ndi tochi pa makwerero onyowa.

Aphunzitsi a Physics ku Zomba: Zimenezo zili ndi chifukwa chake. Galasi likapindika, mbali ya kunja kwa kona imatamuka. Kuwerengera kwake n'kosavuta: theka la kunenepa kwa ulusi, 0.0625 mm, kugawa ndi radius. Pa 30 mm limatamuka pafupifupi 0.2 peresenti. Pa 5 mm ndi 1.25 peresenti. Ku fakitale ulusi amauyesa poukoka pafupifupi 1 peresenti, kwa kanthawi kochepa chabe. Ndiye pa kona ya thabwa yokhomedwa msomali, kwa masiku angapo, galasi lakhala pa mavuto oposa mayeso ake. Likakhala ndi kamng'alu kosaoneka, chinyezi chimalowa n'kumakakulitsa pang'onopang'ono malinga pakhale kukungika. Meter imakuuza za kuwala kwa lero, za mng'alu siidziwa.

Wa ku Joni: Chabwino, pa waya wothyoka FRP ndagonja. Ndiwonjezere china chomwe chikutichitikira kuno, mwina chidzafika kwanuko. Nyumba zomwe zinali bwinobwino pa GPON zikumavuta akazisamutsira ku XGS-PON, mtundu watsopano wothamanga kwambiri. GPON imatsitsa pa 1490, XGS-PON imatsitsa pa 1577. Kona yomwe inkadya pang'ono pa 1490 imadya zambiri pa 1577. Ndiye timabwerera m'nyumba zomwe tinalowetsa tokha kale, kukamasula makona athu omwe.

Mayi a IT ku Mzuzu: Ndiye ndi inu nomwe munayamba ndi pensulo achimwene?

Wa ku Joni: Mayi musandikumbutse, ndinali ndisanadye.

Mnzanu wa ku Chipata: Funso lomaliza kwa madala. Pokoka waya watsopanoyo mu trunking, pa kona ya khoma timatani? Trunking yaing'ono ija ya 16 mm kona yake ndi yakuthwa.

Madala a Splicer: Pa kona ya mkati musakankhire waya mpaka m'ngodya, musiyeni adutse mokhota momasuka, ngakhale zitafuna trunking yokulirapo. Kona ya kunja ndiyo yoopsa, chifukwa waya amagona pa mpeni wa khoma. Pamenepo ine ndimasema pulasitala pang'ono kuti pakhale pobulungira, kapena kuboola khoma mopendeka n'kudutsa. Pobowola paliponse ikani kapaipi, waya asakhuze njerwa. Pokoka gwirani zolimbitsa zija, ulusi wachikasu wa aramid kapena timitengo ta m'mbali, osati chikopa chokha. Waya achoke pa drum ikuzungulira, musamusolole cham'mbali, amapotana. Mukafuna kumuyala pansi, muyaleni ngati nambala 8. Ndipo wotsala m'denga musangomusiya, mukulungeni bwalo lalikulu ngati mbale, mumangirire pamwamba pomwe phazi silifika, mulembepo kuti ndi fayiba. Amene abwere pambuyo panu sadziwa kuti muli galasi, amaona ngati waya wa wailesi.

Mnyamata wa ku Kawale: Abwana avomera nditawaonetsa zithunzi. Mawa m'mawa tikukoka watsopano, ndi mamita 45 okha. Patch cord ndagula ya mita imodzi, yolembedwa G.657A2, ya mitu yobiriwira ngati yakale ija. Pali amene ali ndi light source ya 1550 kuno ku Lilongwe andibwereke mawa? Ndibweza madzulo omwewo.

Madala a Splicer: Yanga ili ku Blantyre kuno. Admin ali nayo, koma mabatire ugule wekha.

Admin: Bwera isanakwane 7 koloko, ndikupita ku Salima. Ndipo ubwere ndi kachitini ka Coke kosatsegula, tikayezere limodzi radius.